A Positi Aphunzira Kuthamanga

Ndinagwira ntchito yogawa makalata kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, wapansi, chikwama chili paphewa. Nsapato zimene ndinatha sindingaziwerenge. Mpaka lero anthu achikulire m'tauni mwathu sanditchula dzina, amangoti a Positi. Ndiye mungamvetse mmene ndinamvera tsiku limene munthu wamng'ono kwa ine ndi zaka makumi awiri anandiimika pa makina n'kunena kuti, "Madala, lero tiyamba ndi kuphunzira kuyenda."

Anayambitsa zonsezi ndi adokotala. Nditapuma pantchito ndinkayendayendabe, koma mayi a ana atamwalira ndinangokhala pansi. Zaka zitatu pampando umodzi womwewo, wailesi ili pambali. Mimba inatuluka, shuga anakwera, ndipo ndikakwera masitepe asanu okha ndinkapuma ngati ndasenza thumba la simenti. Adokotala anati ndiyambe kuyenda mwandawala, thupi likalola ndizithamangako pang'ono. Ine ndinati palibe vuto, misewu ndikuidziwa. Mwana wanga wamkazi, amene ndimakhala naye, anakanitsitsa.

"Misewu yake iti, Ababa? Ija munkayendamo inu inatha kalekale. Pano ndi njinga zamoto zokhazokha, m'mbali monse ayalamo malonda. Mukufuna ndizikutolani m'ngalande?"

Anandipezera malo ku jimu ina yaing'ono yolimbitsirako thupi, pamwamba pa sitolo yogulitsa utoto ndi misomali. Kukwerako kunali masitepe opapatiza, ndipo usanafike n'komwe unkalandiridwa ndi fungo la mphira ndi thukuta. M'katimo munali galasi lalikulu long'aluka pakona, zitsulo zonyamula zitaunjikidwa kukhoma, ndi fani wa kudenga amene ankalira kuposa mmene ankapepesera. Pawindo loyang'ana kumsewu panali makina othamangirapo atatu. Amodzi anali atafa kale, anthu ankangopachikapo matawulo. Mwini malowo, amene aliyense ankamutchula kuti a Kochi, anali wankhonya pa unyamata wake. Mphuno inali yophwatalala, koma mawu ake anali ofatsa ngati a namwino wa ana.

"Imani m'mbali, mwendo uku, mwendo uku. Lamba wakudayu musamuponde kaye," anatero a Kochi. Kenako anandipanitsa kachingwe kofiira pamalaya. "Mukapunthwa, aka kamazuka, makina n'kuima pomwepo. Osakachotsa."

"Ndine mbuzi kodi, kuti mundimangirire?"

"Ayi, Madala. Mbuzi siigwa pamakina."

Anadina batani, lamba uja n'kuyamba kukwawa. Ndinaponda, ndikugwira zitsulo za m'mbali mpaka zala kuuma. Anandiuza kuti maso akhale kutsogolo, pawindo, chifukwa woyang'ana mapazi amachita chizungulire. Anati mapazi azitera pansi pa thupi, osati kutanyula miyendo, ndipo mtima ukakhala pansi ndisiye zitsulozo, manja aziyenda okha. Ndinkangovomera ndi mutu, koma mumtima ndinkaseka. Kuyenda kwake kumeneku? Ulendo wosafika kulikonse, liwiro la munthu amene akuperekeza mkwatibwi.

Wina atawaitana a Kochi kuzitsulo kuja, ndinadina batani lowonjezera liwiro. Kamodzi, kawiri, kasanu, mwina kasanu ndi katatu. Lamba analusa. Miyendo inayamba kuthamangitsana yokha, ine ndili m'mbuyo mwake, ndipo ndisanakumbukire batani lochepetsera, kachingwe kaja kanazuka. Makina anaima mwadzidzidzi, ndinakagunda chifuwa kutsogolo, magalasi anga n'kugwera pansi.

Pa makina a pambali panga wina anaphulika kuseka. Anali mayi wa tsitsi loyera, atavala thalauza lalikulu la masewera ndi nsapato zapinki zoti zinali zisanaonepo fumbi. Anatsika, ananditolera magalasi, ndipo pondipatsa kuseka kuja kunazima.

"Kodi si a Positi inu?"

Nditavala magalasi ndinawazindikira.

Mayiwa kale ankakhala pa msewu wokwera ku thanki ya madzi, nyumba ya geti la buluu, ndipo ankasoka zovala pakhonde. Amuna awo anapita kukagwira ntchito kudziko lakutali. Mwezi uliwonse kunkabwera kalata ya envelopu ya mizere yofiira ndi yabuluu m'mphepete. Ine ndikangotulukira pakona ndinkaikweza m'mwamba kuti aione ali pa makina awo osokera, iwo n'kuthamanga opanda nsapato kudzailandira. Zinayenda choncho zaka ziwiri. Kenako makalata anasiya kubwera.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri anandigwira chikwama pamsewu, anthu akuona, n'kukuwa kuti ndikumatsegula makalata awo n'kuwataya. M'mawa mwake anakadandaula ku ofesi. Abwana anakhuthula chikwama changa patebulo pamaso pa anzanga, anasecha mosungira zovala zanga, n'kundiuza kuti ndikhale kunyumba milungu iwiri akufufuza. Sanapeze kanthu, chifukwa panalibe choti apeze. Koma chaka chimenecho dzina langa linali pa mndandanda wa okwezedwa kukakhala pa kauntala, ndipo linachotsedwa mwakachetechete. Ndinabwerera mumsewu. Ndinadutsa pa geti la buluu lija zaka zina khumi ndi zisanu, ndikuponya timakalata ta madzi ndi magetsi m'bokosi osapereka moni, mpaka anadzasamuka.

"Ndine ndemwe," ndinawayankha choncho basi. Ndinatenga tawulo langa n'kutsika masitepe.

Nditafika kunyumba ndinamuuza mwana wanga kuti kujimu sindibwererako. Atamva chifukwa chake anasiya kusita n'kuimika ayironi. Nthawi ya nkhani ija iye anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anzake kusukulu anamutcha mwana wa wakuba makalata mpaka chaka kutha.

"Ndikuwakumbukira bwino mayi amenewo," anatero. "Ndiye anakuchotsani pa kauntala, lero akuchotseninso pa makina? Ayi, Ababa. Lachitatu mupita. Athawe ndi iwo."

Ndinapita. Iwonso sanathawe. M'mawa cha m'ma naini ndi pamene jimu inkakhala yopanda anthu ambiri, ndipo a Kochi ankaika achikulire nthawi imeneyo. Makina amoyo anali awiri okha, moyandikana, moti zigongono zikanatha kugundana. Ndinkati ndikaponya diso, n'kuona nambala ya liwiro lawo. Iwo akawonjezera, nane ndinkawonjezera. Ine ndikawonjezera, iwo ankadina kawiri. Mlungu wachiwiri usanathe tinali nkhalamba ziwiri zofuna kukomoka pawindo, pakamwa pali yasa, popanda wolankhula ndi mnzake.

A Kochi anabwera n'kuzimitsa makina onse awiri.

"Pano si pa mpikisano," anatero. "Munthu wongoyamba kumene amathamanga liwiro loti angathe kulankhula. Mukalephera kumaliza chiganizo, ndiye kuti mwathamangitsa. Tsono inu awiri, kuyambira lero muzicheza. Ndikamva kuti kuno kuli zii, ndibwera kudzachepetsa ndekha."

Anatilembera ndondomeko pa kapepala n'kukamata pawindo. Mphindi zisanu zoyenda kuti thupi litenthe. Kenako mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, kubwereza kasanu ndi kamodzi. Masiku atatu pa mlungu, pakati pake kupuma.

Tinayamba. Mphindi zisanu zija zinatha tikungomva kulira kwa fani. A Kochi anatsokomola kuchokera kuzitsulo.

"Galu wa ahedi uja," anatero mayi aja, maso ali pawindo, "anafa chaka chanji?"

Ndinafuna kukhala chete, koma galu ameneyo sindikanatha kumulekerera. Anali galu wofiira wa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, wodulidwa mchira, ndipo ndi yekhayo amene anandithamangitsapo pa zaka zonse za ntchito yanga. Tsiku lina anadula unyolo. Ndinathawa kutsika msewu wa ku thanki, makalata akuuluka m'mbuyo, mpaka ndinakakwera pa ngolo ya wogulitsa makala.

"Anafa chaka chimene anathira phula mumsewu uja," ndinayankha. "Ndinasangalala ngati ndakwezedwa pantchito."

Mawu omalizawo anangotuluka okha. Tonse tinawamva. Ine ndinadina batani, n'kuyamba mphindi yathu yoyamba yothamanga.

Mphindi imodzi ndi yaitali, musamve zonena anthu. Masekondi makumi awiri oyamba ndinkadziona ngati mnyamata. Pofika makumi anayi m'nthiti munkabaya, miyendo ili ngati ya mnzanga wobwereka. Usiku misongolo inkawawa mpaka ndinkatsika pabedi chotsimphina. A Kochi atayang'ana nsapato zanga zakale za kupositi, zolemera ngati njerwa, anapukusa mutu, ndipo Loweruka lake mwana wanga ananditengera kukagula zopepuka. Anandiphunzitsanso kufupikitsa mapazi ndi kutera mofewa. Ankati makina akamalira kwambiri, wolakwa ndi wothamangayo.

Koma kucheza kuja kunagwira. Pawindo paja tinkaona mphambano pamene ulendo wanga wa makalata unkayambira, ndipo tsiku lililonse tinkatenga nyumba imodzi kapena ziwiri n'kuzimanganso ndi pakamwa. Pamene pano pali sitolo ya mafoni panali bekale, ndipo fungo la buledi linkafika mpaka ku thanki mphepo ikachokera kumunsi. Pamene amasungira matayala panali holo ya kanema, mipando yake yodzadza nsikidzi, koma Loweruka anthu ankakanganirana pakhomo. Tinakumbuka wosoka nsapato wosamva uja amene ankandiumiriza kuti ndimuwerengere makalata mokuwa, msewu wonse n'kudziwa kuti mchemwali wake wasiyidwa ukwati. Tinakumbuka mtengo wa magwafa wa pa geti la buluu, umene ana asukulu ankauthyola zipatso zisanapse. Iwo ankadziwa amene anakwatira ndani, poti madiresi a ukwati ankasoka ndi iwo. Ine ndinkadziwa amene anasamukira kuti. Tikaphatikiza, msewu wonse unkadzuka. Ambiri mwa anthu amenewo anapita, ndipo m'tauni monse mwina tinatsala awiri okha odziwa kuti pa mphambano paja panali mpopi wa madzi wokhala ndi chogwirira chamkuwa.

Nkhani ya makalata aja tinkailambalala ngati dzenje la pamsewu.

Mlungu wachisanu ndi chimodzi tinali titafika pothamanga mphindi zitatu, kuyenda imodzi. Linali Lachitatu, kunja kukuwaza mvula. Tili pakati pa mphindi zothamanga, mayi aja analankhula, mawu akudukaduka ndi mpweya.

"Amuna anga anali ndi mkazi wina kumeneko. Ana awiri. Ndinamva kwa alamu anga, patatha zaka zitatu."

Ndinapitiriza kuthamanga, maso ali pawindo.

"Makalata aja palibe anawatsegula, a Positi. Sanalembedwe n'komwe."

"Zimenezo ndinkazidziwa," ndinatero. "Amene ankasankha makalata a msewu wanu m'mawa uliwonse ndinali ine. Mulu wake ndinkaubwereza kawiri, mwina yanu yamatirira ku ina. Pakona paja ndinkachita mantha kutulukira manja ali opanda kanthu."

Lamba ankangoyenda. Ndinawerengera mumtima, ndipo mkwiyo umene ndinkayesa kuti unakalamba nane limodzi unadzuka uli wamphamvu.

"Munamva patatha zaka zitatu. Ndiye zina khumi ndi ziwirizo, ndikudutsa pageti panu tsiku ndi tsiku, pakamwa panu panali chiyani?"

Ndinadina batani lofiira, ndinachotsa kachingwe, n'kutsika masitepe osatsanzika ngakhale kwa a Kochi.

Lachisanu sindinapite. Ndinakhala pampando wanga uja, wailesi ikulankhula yokha. Mwana wanga anangondiikira tiyi n'kupita kuntchito. Chodabwitsa n'chakuti mpando uja sunkandilandiranso ngati kale. Miyendo inkanyerenyesa. Ndinasesa khonde, ndinakonza chitseko cha kabati chimene chinakhala chopendekeka zaka ziwiri, ndinazungulira nyumba kangapo ngati nkhuku yofuna poikira. Lolemba m'mawa ndinangopezeka ndamanga zingwe za nsapato.

Ndinawapeza mayi aja ayamba kale kuyenda. Ndinakwera makina anga, ndinapana kachingwe, n'kuyamba. 

"Ndinapita kwanu," anatero. "Mlungu womwewo umene ndinamva. Inu munali kuntchito. Ndinawapeza akazi anu kuseri akuyanika zovala."

Ndinatembenuka kuwayang'ana, phazi n'kukhula m'mbali mwa lamba.

"Maso kutsogolo, Madala!" anakuwa a Kochi ali kutali.

"Ndinawauza zonse," anapitiriza mayi aja. "Ndinalira, ndinapepesa, ndinawapempha kuti akakuuzeni. Anandimvetsera mpaka kumapeto, zopanira zovala ziwiri zili pakamwa. Atamaliza kuyanika shati yanu ya yunifolomu, anachotsa zopanirazo n'kunena kuti, 'Mayi, chikwama chimene anakhuthula chija si changa. Mwini wake amadutsa pageti panu tsiku lililonse hafu teni. Ine sindigawa mauthenga. Wa positi m'nyumba muno ndi mmodzi.'"

Ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka mpaka ndinagwira zitsulo. Anali mkazi wanga ndithu. Mawu amenewo palibe akanawapeka, ngakhale kaimidwe kake ndinakaona, dzanja limodzi m'chiuno, beseni lili pansi. Zaka zitatu ndinali ndikubwereza mumtima mawu ake omwe ndinkawadziwa kale, mpaka anayamba kufwifwa ngati chithunzi chokhalitsa padzuwa. Tsiku limenelo ndinalandira ena atsopano, oti sindinawamvepo, pa makina a m'chipinda chonunkha mphira. Kuseka kuja kunasanduka china, ndipo ndinatenga tawulo n'kudzipukuta kumaso nthawi yaitali.

"Ndipo sanandiuze," ndinatero.

"Ankadikira ine. Ine ndinkati mawa. Hafu teni ikakwana ndinkakuonani pakatani, mapazi n'kulemera. Chaka chikatha, manyazi ankakhala atawonjezekera." Anachepetsa liwiro mpaka makina awo anaima, n'kutembenuka thupi lonse kundiyang'ana. "Ndinakulakwirani, a Positi. Inu, akazi anu, ndi mwana wanu yemwe. Pepani."

Nanenso ndinaimitsa anga. Zaka zambiri ndinkakonza zoti ndidzawayankhe tsiku ngati limeneli, mawu akuthwa, osanjidwa bwino. Palibe ngakhale limodzi limene linabwera.

"Ndamva, Mayi," ndinatero. "Zinandiwawa kwambiri. Koma ndamva."

A Kochi, amene ankapukuta galasi limodzimodzi kwa nthawi yonseyi, anafunsa osatembenuka ngati tabwera kudzathamanga kapena kudzaima. Tinayambiranso. Tsiku limenelo ndinathamanga mphindi zinayi osadziwa.

Madzulo ndinamufotokozera mwana wanga tikudya. Atamva mawu a mayi ake anaika supuni pansi n'kuphimba nkhope ndi manja. "Amayi aja!" anatero, akuseka misozi ikutsika. Za mayi a geti la buluu ananena kuti iye sanakonzeke kuwapatsa moni, ndipo ine sindinamukakamize. Patapita milungu itatu anakumana pa masitepe a jimu, atandibweretsera botolo la madzi limene ndinaiwala. Anaima pamenepo kanthawi akulankhula motsitsa. Zimene anakambirana sanandiuze, ndipo sindinafunse.

Mwezi wachitatu ukutha tinathamanga mphindi khumi osaima. Sizinali zoti wina akanatijambula. Achinyamata obwera cha m'ma teni ankayenda wamba pa liwiro limene ife tinkati kuthamanga. Koma ndinatsika pamakina ndikumva mtima ukugunda mwadongosolo, osati mwamantha ngati kale, ndipo adokotala atandiyeza anandichotsera piritsi limodzi la m'mawa.

Mayi aja sanakhalitse. Mpongozi wawo anabereka mapasa mumzinda wina wakutali, ndipo mwana wawo anawaitana kuti akathandize kulera. Tsiku lomaliza tinathamanga mphindi khumi ndi ziwiri. Ndinawanyamulira chikwama mpaka pokwerera basi, tinagwirana chanza, n'kusiyana.

Pano amandiimbira foni mwina kawiri pa mwezi, makanda akulira kumbuyo. Akuti kumeneko jimu ili kutali, ndiye amadzuka m'mamawa n'kukazungulira bwalo la sukulu ina yapafupi, ndipo mpongozi wawo akuganiza kuti mutu wawo wayamba kusokonekera. Ulendo watha anandifunsa kuti ndafika mphindi zingati.

"Makumi awiri," ndinatero.

"Bodza limenelo, a Positi."

Ananena zoona. Zinali khumi ndi zisanu ndi zitatu.